Nsungwi Zofiira M'njira ya Mvuu

Ndine amene ndinalozera mlenje dziwe limene mvuu inkagona. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akandiona ndikutuluka m'bango, matope ali thupi lonse, amayesa ndinabadwa wokonda nyama zakutchire. Ayi ndithu. Ndinabadwa wokonda chimanga chachiwisi cha m'dimba, ngati wina aliyense wa kwathu.

Kwathu kunali dambo lalikulu, mudzi uli pamtunda pake. Dimba la amayi linali kumapeto, kumene madzi ankafika kudzera m'kangalande kokhotakhota kodutsa m'bango. Palibe ankafunsa kuti kangalandeko anakumba ndani. Chaka china mvuu inalowa m'dimbamo katatu. Ulendo wachitatu ndinapeza amayi atakhala pansi pakati pa mapesi othyoka, manja ali pamutu, osalira n'komwe. Ine ndinali nditangoyamba kumera ndevu, mtima uli wapachala. Ndinapita kukaitana a Dzimbiri, mlenje wa chipewa cha chikopa, amene mfuti yawo ya gogodela inali itawagonthetsa makutu moti ankayankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya.

"Ndi pano?" anakuwa titafika padziwe.

Ndinaloza pamene pankatuluka thovu.

Midzi itatu inadya nyama sabata yathunthu. Kwathu wolozera nyama amalandira nthuli yake asanagawire wina aliyense, ndipo a Dzimbiri anandiikira yanga m'manja ikadali yofunda. Amayi ananena pamaso pa anthu kuti anabala mwamuna. Ndinakondwa tsiku limenelo, sindibisa.

Chaka chotsatira kangalande kaja kanachepa. Chaka chinacho madzi anafika kudimba mochedwa, ali ndi fungo. Kenako sanafikenso. Bango linagwirana ngati tsitsi losapesa, madzi anaunjikana pakati pa dambo n'kuwola, ndipo zitsime za pamtunda zinayamba kutulutsa matope. Anthu anasamuka banja limodzilimodzi. Amayi anamwalira akudandaula kuti mvula ya masiku ano ndi yabodza. Nditawaika m'manda ndinatseka chitseko ndi waya n'kuyamba kuyenda.

Sindikumbukira kuti ndinayenda nthawi yaitali bwanji. Ndinafika pa tauni ina ya fumbi lofiira, ya msewu umodzi ndi chigayo chimodzi, kumene ndinaphunzira kukumba zitsime kwa a Kuwani, bambo wamfupi wa mapewa otambalala. Iwo ankakhala pamwamba n'kumakoka ndowa, ine pansi ndi khasu lodula mpini. Chitsime chilichonse chinkatifuna chingwe chotalika kuposa cham'mbuyo.

"Mphwanga, usadzitame kuti wapeza madzi," ankatero. "Madzi a m'chitsime amachokera kudambo. Dambo likauma, ife ndi okumba maenje chabe."

Tsiku lina ndili pansi, kuwala kuli kang'ono pamwamba ngati mbale yoyera, ndinamva mvuu ikufwenthera kuseri kwa dothi. Ndinaika khutu pakhoma. Kunali zii. Nditakweza khasu inafwentheranso, pafupi kwambiri, ndipo ndinamva mpweya wofunda pakhosi. Ndinagwedeza chingwe mpaka a Kuwani anandikoka. Anandiyang'ana n'kunena kuti mpweya wa pansi umasokoneza mutu, ndikagone. Sindinagone. Ndinamanga kathumba kanga n'kuchoka.

Ndinafika pamudzi wina wa oluka mphasa. Kumeneko ndinaphunzira kudula bango, kuling'amba ndi kulisoka ndi singano yaitali yachitsulo. Dambo lawo linali louma moti tinkayendamo ndi nsapato. Tsiku lina ndikudula bango lakale ndinagwera m'chinthu chonga mgula, chosalala m'mbali, chotambalala ngati khomo la nyumba. Chinkakhotakhota kulowa m'kati mwa dambo, ndipo mapazi anga anachidziwa mutu usanachidziwe.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa mnzanga amene ndinkadula naye.

"Njira ya mvuu imeneyo. Kale munkayenda madzi."

"Nanga mvuuyo ili kuti?"

"Tinadya."

Anayankha akumanga mtolo wake, osatembenuka n'komwe. Zitatero mphasa zanga zinayamba kutuluka zokhota, ndipo ndinachokanso.

Mayi Zalimba ndinakumana nawo pamchenga wa mtsinje wouma, galimoto yawo itatitimira mpaka m'mimba. Anali mayi wowonda wa imvi zochepa, atavala majombo aakulu kuposa mapazi awo, akutafuna mtedza ngati kuti galimotoyo ndi ya munthu wina. Pamwamba pa galimoto panali mtolo wa nsungwi zazitali zopaka utoto wofiira, zolembedwa timizere ndi manambala.

"Achimwene, mwangoima ngati mwabwera kudzaona gule. Simungakankhe?"

Ndinakankha. Galimoto itatuluka anandifunsa kumene ndinkapita, ndipo ndinawauza kuti sindikudziwa.

"Ndiye tili ulendo umodzi," anatero. "Kwerani."

Anali munthu wa kafukufuku, wochokera ku sukulu ina ya ukachenjede imene dzina lake sindinaligwire. Ntchito yawo inali yoyeza madzi a m'madambo. Tikafika padambo ndinkazika nsungwi m'matope, iwo n'kumawerenga pamene madzi afika ndi kulemba m'kope lachikuto chakuda. Anandiphunzitsa kuzika nsungwi mowongoka, kuwerenga timizere nditawerama kuti diso lilingane ndi madzi, ndi kusalemba nambala imene sindinaione ndi maso anga. Ndikalakwitsa ankandiseka mpaka kutsamwa ndi mtedza.

Pamudzi uliwonse ankayamba ndi funso limodzi. Ankasonkhanitsa achikulire pansi pa mtengo n'kufunsa kuti, "Kale madzi ankafika pati?" Munthu ankaimirira n'kuika dzanja pachifuwa. "Nanga lero?" Dzanja linkatsika, pena m'chiuno, pena m'mawondo. Pamudzi wina bambo wina anawerama mpaka kugwira chala cha kuphazi, ndipo anakanika kudzuka mpaka tinachita kumugwira.

Kenako ankafunsa lachiwiri. "Nanga mvuu?"

Tinayenda midzi yambiri. Ina inali ya mpunga, ina ya ng'ombe, ina ya asodzi amene miono yawo inali itasanduka zikwere za nkhuku. Mitengo yokhalapo inkasintha, nkhope zinkasintha, koma yankho linali lomwe lija: tinadya. Pena ndinkaona ngati tikungozungulira mudzi umodzi womwewo umene ukukalamba ife tikuyenda.

Tsiku lina tili pamthunzi wa galimoto anandijambulira pamchenga ndi kamtengo.

"Onani, achimwene. Mvuu imatuluka padziwe kukadya msipu, imabwerera, imatulukanso, njira yake yomweyo. Chimimba chakecho chimakankha bango, mapazi amaponda matope. Madzi alibe nzeru, amangotsata pamene patseguka. Mukachotsa mvuu, bango limatseka, madzi amakhala pakati n'kuwola, m'mphepete mumauma. Anthu amati ndi mvula."

Ndinayang'ana kangalande ka pamchengako, ndipo kumapeto kwake ndinaona amayi atakhala, manja ali pamutu.

"Mwadwala?"

"Ayi, Mayi. Ndi dzuwa."

"Akuluakulu a kutauni sakhulupirira dzanja la munthu pachifuwa," anapitiriza. "Amafuna manambala. Ndikapeza dambo limodzi lokha limene mvuu ikuyendabe, ndiyeze njira yake chilimwe chimodzi, adzatipatsa waya wotchingira madimba. Mvuu idzakhala, chimanga chidzakhala. Dambo limodzi lokha, achimwene. Ndalifuna mpaka imvi izi."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalifuna dambolo kuposa iwo. Chifukwa chake sindinawauze.

Tinalipeza kumapeto kwa msewu umene unangothera m'udzu. Linali lalikulu moti mbali inayo inkasowa m'nkhungu, bango lake lotalika kawiri msinkhu wa munthu, akakowa ali mbuu pamwamba pake. Mayi Zalimba atafunsa funso lawo, mayi wina wa mudziwo, a Nagama, sanaike dzanja paliponse. Anangotionetsa chitenje chawo, chonyowa mpaka m'chifuwa.

"Nanga mvuu?"

"Ilipo, mfiti imeneyo," anatero a Nagama. "Yatsala imodzi, yodukaduka khutu. Yandidyera mpunga zaka zitatu zotsatizana. Amuna a mudzi uno aifuna mpaka kutopa. M'bangomo muli njira zambirimbiri, wolowamo amatuluka madzulo ali ndi misundu yokhayokha, mvuu osaiona."

Mayi Zalimba anakhala pansi pomwepo n'kuvula jombo imodzi, kenako kuivalanso.

Njira zinalidi zambiri, zakufa ndi zamoyo, zopingasana ngati mizu. Koma ine ndinali nditatsatapo mvuu kale. Ndinkadziwa kuyang'ana ndowe zomwazika pamasamba a bango, kumva ndi phazi pamene matope ali osalala, kununkhiza madzi oyenda ndi madzi oima. Masiku anayi ndinalowa ndi kutuluka. Lachisanu ndinafika padziwe lakuda, labata, ndipo pakati pake panatuluka makutu awiri, lina lodukaduka. Tinayang'anizana. Inafwenthera kamodzi, mofanana ndendende ndi ija ya m'chitsime, n'kumira.

"Mwaidziwa bwanji njirayi?" anafunsa Mayi Zalimba nditatuluka.

"Mwayi chabe, Mayi."

Anafuna nsungwi m'njira yonseyo, kuchokera padziwe mpaka kudimba la a Nagama, kuti aone mmene madzi amatsikira. Mawondo awo sankawalola kuyenda m'matope tsiku ndi tsiku, choncho ankakwera pachulu chachikulu cha m'mphepete ndi magalasi oonera patali. Koma nsungwi zathu zinkabisika m'bango. Ndine amene ndinabweretsa nzeru yoti tizilumikize ziwiriziwiri kuti nsonga zituluke pamwamba, Mayi azindiona pamene ndafika. Iwo anagula utoto wina, ndipo nsongazo tinazipaka mpaka kuwala. Nditamaliza ndinakwera nawo pachulu. Mzere wofiira unkakhotakhota pamwamba pa bango lobiriwira mpaka kukathera padziwe. Unali wokongola, ndipo ndinanyada nawo.

Tinayeza milungu ingapo. Manambala ankanena zomwe Mayi Zalimba ankanena. Kope litadzaza theka anati sangadikirenso, apita kutauni kukaonetsa akuluakulu kuti waya abwere mpunga usanache. Anapita kwa a Nagama, nawagwira dzanja.

"Achemwali, ndipatseni milungu iwiri yokha musanaitane mlenje."

"Mukauze mvuuyo," anatero a Nagama. "Ine ndamva."

Mvuu sinamve. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza a Nagama atakhala pakati pa mpunga wopondedwa, manja ali pamutu, osalira n'komwe. Ndinaima pomwepo ngati mwana. Ndinafuna kuwauza zonse, za amayi, za kangalande, za zitsime za matope, koma munthu amene wataya chakudya cha chaka ungamuuze za chaka cha mkuja? Ndinawathandiza kudzutsa mapesi amene akanatha kudzuka.

Patapita masiku awiri, m'mawa ndikunola pensulo, ndinamva kulira kwa mfuti. Akakowa anadzuka onse pamodzi.

Ndinathamanga m'njira ya nsungwi, ndikugwa ndi kudzuka. Padziwe ndinapeza amuna ali ndi zingwe ndi mipeni, ndipo pakati pawo panaima mlenje wa chipewa cha chikopa. Anali a Dzimbiri, kapena m'bale wawo, kapena munthu wina amene anatola chipewa chawo ndi makutu awo. Sanandizindikire. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndinu a nsungwi zija?" anakuwa. "Mulungu akudalitseni, achimwene! Kanayi konse andiitana mudzi uno, kanayi konse ndasochera m'bangomu. Lero ndangoyenda ngati ndikupita kutchalitchi!"

Anadula nthuli yoyamba, ya wolozera, n'kundiikira m'manja. Inali yofunda.

Mayi Zalimba anabwera tsiku limene analonjeza, mipukutu ya waya ili mbwee pamwamba pa galimoto. Fungo la nyama yowamba linawalandira asanatsike. Anakwera pachulu n'kuyang'ana mzere wofiira uja nthawi yaitali. Ine ndinaima m'munsi n'kuwauza zonse, kuyambira pa dimba la amayi. Ndinawauza kuti kameneka n'kachiwiri.

"Utoto ndinagula ndine, achimwene," anatero.

"Koma nzeru yolumikiza..."

"Ndati utoto ndinagula ndine. Zaka zonsezi ndimaganiza za amene adzawerenge manambala anga. Sindinaganizepo za amene adzawerenge nsungwi zanga."

Anatsika pachulu cham'mbuyo, ngati nkhalamba. Waya anamusiyira a Nagama, amene anatchingira mbuzi. M'mawa mwake ndinapeza majombo awo ndi kope lakuda pakhomo pa kanyumba kanga, galimoto itapita. Ndinamva kuti anapitiriza kufunsa mafunso awo awiri m'midzi ya kumpoto, kenako sindinamvenso kanthu.

Ine sindinachoke. Ndinazula nsungwi zonse n'kuzitentha, ndipo utsi wake unanunkha utoto tsiku lonse. Kenako ndinavala majombo aja, amene ine anandikwana bwino lomwe, n'kulowa m'njira ya mvuu. Ndinayenda kuchokera kudimba mpaka padziwe, ndikukankha bango ndi chifuwa, ndikuponda matope ndi mphamvu zanga zonse, n'kubwerera. M'mawa mwake ndinateronso.

Sindikudziwa kuti papita zaka zingati. Tsitsi langa layera, mapewa ali ndi zipsera za bango, misundu inandizolowera ngati mnansi. Munthu ndi wochepa thupi, njira yanga ndi yopapatiza, ndipo madzi amene amanditsata ndi ochepa, koma amafika. Mpunga wa a Nagama umacha. Zitsime za pamtunda zikadali ndi madzi. Ndikadwala masiku ochepa chabe ndimapeza mphukira za bango zitatuluka kale m'njiramo, zakuthwa ngati misomali, ndipo ndimalimbana nazo mwezi wathunthu.

Chaka chino ng'ombe za mudzi wina zinalowa m'madimba a kumunsi n'kuponda mpunga. Palibe anaziona. Chimene anthu anaona ndi bango likugwedezeka m'nkhungu, ndi njira imene sitseka ngakhale mvuu inadyedwa kalekale. Anayamba kunong'onezana kuti ina yabwera. Ena akuti anaimva ikufwenthera. Mwina ndi chifuwa changa, pakuti masiku ano ndimapuma mwaphokoso.

Anaitanitsa a Dzimbiri. Afika dzana, chipewa chomwecho, mfuti yomweyo, maso atachita ng'ala. Ndinapita kukawaona pansi pa chulu pamene amanga msasa.

"M'bangomo mulibe mvuu, bambo. Ndimayendamo ndine."

"Mwati chiyani?"

"Ndine! Ndimatsegula njira ndine!"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Inu a kafukufuku ndimakudziwani! Mumaikira kumbuyo nyama! Munthu angatsegule njira ya mvuu? Mukufuna ndichoke, eti? Sindichoka pano mpaka mvula itagwa. Maso anga atha, koma bango likagwedezeka ndimaliona!"

Mvula ikadali kutali, miyezi itatu kapena kuposa. Ndikadikira, njira itseka, ndipo msana uno sungathenso kutsegula yatsopano.

Dzulo a Nagama anabwera kukanyumba kanga. Nawonso akalamba, amayenda ndi ndodo. Anakhala pamwala n'kuyang'ana majombo amene ndinayanika padzuwa, ong'ambika ndi osokedwa ndi waya wawo uja.

"Ine ndimadziwa kuti ndinu," anatero. "Ndinadziwa chaka choyamba. Ndawauza amunawa, akuti ndakalamba."

"Zikomo, mayi."

"Musalowemo, achimwene. Mpunga tidzagula."

"Nanga zitsime?"

Anakumba pansi ndi ndodo yawo, kenako anandifunsa ngati ndili ndi abale oti auzidwe. Ndinawauza kuti kwathu kulibe munthu, kuli chitseko chomanga ndi waya. Ndinawapatsa kope lakuda lija, limene ndakhala ndikulembamo m'mphepete mwa masamba, popeza masamba enieni anatha. Nsungwi ndilibe, choncho ndimalemba monga amayezera anthu a kuno: m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Ndinawapempha kuti mayi wina wowonda wotafuna mtedza akadzabwera kudzafunsa kuti madzi ankafika pati, adzamupatse.

Ndili ndi mantha, sindinama. Ndayesa kuimba poyenda kuti adziwe kuti ndi munthu, koma mfuti inawatseka makutu ine ndisanamere ndevu zonse.

Lero kwacha ndi nkhungu. Ndamanga majombo, ndadutsa pa dimba la a Nagama, mpunga wake wayamba kuweramitsa mitu. Pachulu ndaona chipewa cha chikopa, chitayang'ana kudambo. Ndinaimirira pang'ono pakhomo pa njira, pamene bango latsamirana, n'kulikankha ndi chifuwa. Nsonga zake zagwedezeka pamwamba panga, zikuonekera kutali.

Madzi andifika m'chiuno, ndipo ndikuwamva akubwera pambuyo panga.